Musanagule kiyibodi yopanda waya, yambani mwayang'ana manja anu

Usiku wina ndinadzidzimuka dzanja lamanja litachita dzanzi. Osati dzanja lonse ayi, zala zitatu zokha: chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati. Ndinalikutumula ngati munthu amene wasamba m'manja koma alibe chopukutira, dzanzi lija n'kutha, ine n'kugonanso. Ndinangoti mwina ndinaligonera. Patapita sabata zinachitikanso, kenako zinayamba kubwera ngakhale masana ndili pa desiki. Ntchito yanga ndi yotaipa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, choncho sindinachedwe kukayikira kiyibodi. Ndinathamangira kugula ina yomwe pa katoni pake analembapo kuti ergonomic, yopindika mokongola, yopanda waya, mabatani ake owala mitundumitundu usiku. Chikomekome cha mkuyu. Mwezi utatha dzanja linali chimodzimodzi, ndipo phewa nalo linali litayamba kuwawa.

Wolakwa sanali kiyibodi ija. Ndinali ine, amene ndinagula mankhwala ndisanadziwe matenda. Mawu akuti ergonomic anachokera ku Chigiriki, ergon kutanthauza ntchito, nomos kutanthauza lamulo kapena dongosolo, ndipo amanena za kupanga chida kuti chigwirizane ndi thupi la wochigwiritsa ntchito. Koma palibe amene amaima pakhomo la fakitale kuletsa kampani kulemba mawuwa pa katoni. Kiyibodi yongopindika pang'ono ngati ikumwetulira amaitcha ergonomic, yogawika pawiri amaitcha ergonomic, ngakhale yathyathyathya yongomatidwa kapilo kutsogolo nayonso amaitcha choncho. Iliyonse imathetsa vuto lake, zina sizithetsa lililonse. Ndiye poyambira si pa kiyibodi, ndi pa manja anu.

Yesani izi pomwe mwakhalapo. Tsitsani manja alendewere m'mbali mwa thupi, mapewa muwamasule. Kenako pindani zigongono kuti mikono iloze kutsogolo, basi, musachitenso china. Yang'anani. Manja anu atalikirana mofanana ndi mapewa anu. Zikhatho sizinayang'ane pansi, zayang'anizana pang'ono, zala zazikulu zili cham'mwamba ngati mukufuna kugwirana chanza ndi munthu. Kuchokera pa chigongono kukafika ku nsonga ya chala chapakati ndi mzere umodzi wowongoka. Umo ndi mmene dzanja limakhalira likamapuma. Tsopano, maso ali pomwepo, ikani zala pa kiyibodi wamba, zamkombaphala pa F ndi J pomwe pali timabampu tija, ndipo muone zimene zasintha.

Manja asenderana pakati pa chifuwa, chifukwa mabatani a manja onse awiri ali pathabwa limodzi. Mikono ikubwera mopendeka kuchokera m'mbali pomwe mizere ya mabatani ndi yowongoka, ndiye dzanja limakhotera kunja, mbali ya kachala kakang'ono, kuti zala zigwirizane ndi mzerewo. Munthu wa mapewa aakulu ndiye amakhotetsa kwambiri. Zikhatho nazo zatembenuka kuyang'ana pansi ndithu. Pakati pa chigongono ndi dzanja pali mafupa awiri, ndipo chikhatho chikayang'ana pansi limodzi limapingasa pamwamba pa linzake, minofu n'kukhala yokokeka nthawi yonse imene mukutaipa. Ndiye pali kupindika kwachitatu, komwe kunkandivuta ine: dzanja lanyamukira m'mwamba pamfundo yolumikiza dzanja ndi mkono, ngati mmene amachitira munthu woimitsa galimoto, kungoti pang'ono chabe. Pang'onopo, kwa maola asanu ndi atatu tsiku ndi tsiku.

Pamfundo imeneyi tiimepo kaye. M'kati mwake muli kanjira kopapatiza, mbali zitatu kazunguliridwa ndi timafupa, mbali ya kuchikhatho katsekedwa ndi kalamba kolimba kosatambasuka. Madokotala amakatcha carpal tunnel. M'kanjira kameneka mumadutsa mitsempha 9 yokoka zala, ndi mtsempha umodzi wonyamula mauthenga wotchedwa median. Dzanja likawongoka kanjirako kamatakasuka mmene kangathere. Mukalipinda m'mwamba, m'munsi kapena m'mbali, malo amachepa, ndipo wopanikizika ndi mtsempha wa mauthenga uja, poti ndiwo wofewa kuposa inzake. Umenewu ndi umene umachititsa kuti muzimva kukhudza pa chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala cha mphete. N'chifukwa chake dzanzi langa linkachita kusankha zala. Dzanzi la kachala kakang'ono ndi nkhani ina. Limachokera ku mtsempha wodutsa kuseri kwa chigongono, uja umachita ngati shoko ya magetsi mukagunda chigongono pa tebulo, ndipo nthawi zambiri limayamba chifukwa chotsamiza chigongono pa chinthu cholimba kapena kuchipinda nthawi yaitali. Pamenepo ngakhale mutagula kiyibodi yotani, mwina mungofunika kusintha katsamiridwe.

Nanga ngati kiyibodi wamba imapotoza manja chonchi, anaipangiranji choncho? Sanaipangire manja, anaipangira makina. Mu 1874 kampani ya Remington ya ku America inayamba kugulitsa makina otaipira amene Christopher Latham Sholes ndi anzake anakonza ku Milwaukee. Batani lililonse linali ndi kandodo kake kotalika kolumikiza ku chilembo chomenya pepala, ndipo kuti tindodo timeneti tipeze podutsa, mzere uliwonse wa mabatani anausendeza pang'ono kuyerekeza ndi unzake. Yang'anani Q, A ndi Z: sizili pamzere umodzi wotsika, zatsetsereka. Tindodo tija tinatha kalekale, koma kutsetsereka tili nakobe mpaka pa laputopu ya chaka chino. Komanso tisanamizire makina okha. Mu 1713 dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, anali atalemba kale za matenda a alembi olemba ndi nthenga, ndipo zifukwa zimene anatchula ndi zomwezi: kukhala pansi nthawi yaitali, kuyendetsa dzanja mwanjira imodzimodzi osapuma, ndi kutopa kwa mutu.

Ofuna kukonza kiyibodi nawo anayamba kale. Ku Britain, Lillian Malt ndi Stephen Hobday anatulutsa Maltron m'zaka za m'ma 1970, yokhala ndi maenje awiri olowetsamo zala. Kinesis inatulutsa yake ya maenje mu 1992, Apple inatulutsa yotha kutambasuka pakati mu 1993, koma imene inafikira anthu ambiri ndi Microsoft Natural Keyboard ya mu 1994, ija yotukuka pakati ngati msana wa kamba. Pafupifupi makiyibodi onse a mtundu uwu amene mungaone lero ndi ana ndi zidzukulu za amenewa.

Mtundu wofala kwambiri ndi wa msana wa kamba womwewo. Kiyibodiyo ndi imodzi, koma mabatani anawagawa pawiri n'kupendeketsa chigawo chilichonse kuti chiyang'ane kumene mkono ukuchokera, pakati n'kutukulapo pang'ono. Microsoft Sculpt ya mu 2013 ndi Logitech Ergo K860 ya mu 2020 ndi zitsanzo zake, zonse zopanda waya. Imachepetsa kukhotera kunja kwa dzanja, imachepetsanso pang'ono kutembenuka kwa chikhatho, ndipo munthu wodziwa kale kutaipa amaizolowera msanga. Kwa anthu ambiri ndimati yambirani pamenepa. Chovuta chake n'chakuti kapendekedwe kake anakusankhirani kale ku fakitale, ili ngati nsapato ya saizi imodzi. Ngati mapewa anu ndi aakulu kwambiri kapena aang'ono kwambiri, ikuthandizani koma osati kufika pomwe mukufuna.

Apa mpamene pamabwera yogawikiratu, zidutswa ziwiri zosiyana, chimodzi cha dzanja lililonse. Mumaziika motalikirana mmene mapewa anu alili, chifuwa n'kutseguka, mikono n'kuloza kutsogolo monga inalozera pa kuyesa kuja. Zambiri zimakhala ndi timiyendo tokwezera mbali ya m'kati kuti zidutswazo zipendeke ngati denga la tenti, chikhatho chisagonenso chafufumimba. Zokwezera za Kinesis Freestyle, mwachitsanzo, zimakupatsani madigiri 5, 10 kapena 15. Langizo langa n'lakuti musayambe ndi pamwamba. Mukapendeketsa kwambiri kiyibodi imakweranso, ndipo mukapanda kutsitsa tebulo kapena kukweza mpando mumapezeka kuti mwakonza dzanja n'kuononga phewa.

Mtundu wachitatu ndi wa anthu amene atsimikiza mtima. Uwu unataya kutsetsereka kwa Sholes kuja. Mabatani amakhala m'mizere yotsika yowongoka, chala chilichonse ndi mzere wake, ndipo mzere wa chala chapakati umakhala patali kapena pansi pang'ono poti chalacho n'chachitali. Ena, monga Kinesis Advantage360 ndi Glove80, anaika mabataniwo m'maenje kuti zala zisamatambasuke. Chimene ndimaukondera mtundu uwu ndi chilungamo chake pa kagawidwe ka ntchito. Pa kiyibodi wamba zala zazikulu ziwiri, zamphamvu zedi, zimagawana batani limodzi lokha losiyira mpata, pomwe kachala kakang'ono kofooka kasenza Shift, Enter, Backspace, Ctrl ndi zizindikiro zambirimbiri. Ife otaipa Chichewa timakawonjezeranso katundu: werengani kuti kachizindikiro ka mu m'manja, n'chifukwa, pang'ono ndi ng'ombe kapezeka kangati pa tsamba limodzi, ndipo nthawi zonsezo ndi kachala kakang'ono ka kumanja kamene kamatambasuka. Makiyibodi a mtundu uwu amasamutsira mabatani ngati Enter ndi Backspace pansi pa zala zazikulu, ndipo ambiri amakulolani kusamutsa batani lililonse kupita pomwe mukufuna. Ngati ululu wanu uli mbali ya kachala kakang'ono ka dzanja, ganizirani zimenezi. Ngati mulibe ululu wotero, mwina n'kudzivutitsa chabe, chifukwa kuuzolowera mtundu uwu kuli ngati kuyambiranso kalasi ya kutaipa.

Tsopano ndibwerere ku dzanzi langa, chifukwa mankhwala ake anali pansi pa kiyibodi nthawi yonseyi. Tembenuzani yanu muone timiyendo tiwiri tokhala kumbuyo. Ambirife tikangotulutsa kiyibodi m'katoni timatitambasula, poganiza kuti poti anatiikapo ndiye kuti n'tofunika. Timiyendo timeneti timakweza kumbuyo kwa kiyibodi kuti muziona bwino zilembo, koma kuti zala zifike pamizere yokwezekayo dzanja limayenera kunyamukira m'mwamba, kupindika kwachitatu kuja. Munthu wotaipa osayang'ana mabatani satifuna n'komwe. Kiyibodi yokonzedwa moganizira dzanja imachita zosiyana: timiyendo take timakhala kutsogolo, mbali ya kwa inu, kuti kiyibodi itsetserekere kutali nanu. K860 ija imatha kugona pa madigiri 0, -4 kapena -7. Poyamba zimaoneka zachilendo, ngati zilembo zikukuthawani, koma yang'anani dzanja lanu kuchokera m'mbali ndipo muona kuti lawongoka. Izi zimathandiza kwambiri makamaka amene amataipa ataimirira. Kiyibodi yokhuthala kutsogolo nayo imabweretsa vuto lomwelo ngakhale timiyendo titapindidwa, choncho pogula onani kutalika kwa mphepete ya kutsogolo, osati kukongola kwa pamwamba.

Kapilo ka kutsogolo kali ndi kagwiritsidwe kake. Malo ake ndi pansi pa chikhatho, pamnofu wokhuthala uja, osati pamfundo pomwe pamadutsa mtsempha. Ndipo ntchito yake yaikulu ndi yopumulirapo mukamawerenga kapena kuganiza. Mukamataipa manja aziyandama pang'ono, mkono wonse uziperekeza chala kupita ku batani lakutali. Mukakhomerera dzanja pa kapilo n'kumangotambasula zala, mumakhotetsa mfundo ija kambirimbiri osadziwa.

Phewa lija linali ndi chifukwa chake. Kiyibodi yokwana imakhala ndi mabatani 104 kapena 105, ndipo 17 mwa amenewa ndi a manambala a kumanja aja, ooneka ngati kakyuleta. Chigawo chimenechi chimawonjezera pafupifupi masentimita 8, ndipo pakati pa icho ndi zilembo palinso mivi ndi mabatani ena. Ndiye mausi imakankhidwira kutali, ndipo nthawi iliyonse imene mukuifuna mkono umatambasukira kunja, phewa n'kumalendewera. Kiyibodi yopindika yokhala ndi manambala imakhala yotakata kuposanso wamba, ndipo ija ndinagula inali yotero. Dzifunseni moona mtima kuti manambalawo mumawagwiritsa ntchito kangati. Ngati ndinu owerengera ndalama kapena olowetsa ziwerengero tsiku lonse, muwafunadi, koma mukhoza kugula kachigawo ka manambala kapadera n'kukaika kumanzere kapena kukasendeza mukathana nako. Sculpt ija inkabwera ndi kotere. Ngati simuwagwiritsa ntchito, tengani yopanda manambala, ya mabatani 87 kapena yocheperapo, mausi ibwere pafupi ndi thupi. Pa kiyibodi yogawikiratu ena amaika mausi pakati penipeni pa zidutswa ziwiri zija.

Za mabatani enieniwo anthu amakangana kwambiri pa intaneti, koma mfundo zokhudza thupi n'zochepa. Pansi pa batani pamakhala chimodzi mwa zinthu zitatu: kachipewa ka labala, timizati topingasana ngati sizasi monga pa laputopu, kapena siwichi yakeyake yokhala ndi sipuling'i. Cha labala chimafuna kuti mukanikize mpaka pansi kuti chilembo chituluke, ndiye chala chimagunda pansi pa chilembo chilichonse. Siwichi ya sipuling'i imalemba batani lisanafike pansi. Ya Cherry MX yofiira, mwachitsanzo, imayenda mamilimita 4 koma imalemba pa mamilimita 2, ndipo imafuna mphamvu yofanana ndi kulemera kwa magalamu pafupifupi 45, pomwe yakuda imafuna pafupifupi 60. Kusiyana kumeneko kumaoneka kochepa mpaka mutakuwerengera pa zilembo masauzande ambiri patsiku. Komabe batani lofewa kwambiri lili ndi vuto lake: limalemba mukangolikhudza, ndiye mumayamba kunyamula zala m'mwamba poopa kulakwitsa, minofu ya pamwamba pa mkono n'kutopa. Chabwino ndi batani limene mungagonekepo chala osalemba, koma losafuna nkhonya. Onaninso kutalikirana kwa mabatani. Pa kiyibodi wamba, kuchoka pakati pa batani kufika pakati pa linzake ndi mamilimita pafupifupi 19. Timakiyibodi tina ta m'chikwama timachepetsa mpata umenewu, ndipo munthu wa zala zazikulu amangopanikizana nato.

Tifike ku nkhani ya waya. Kupanda waya pakokha sikuchiritsa dzanja. Phindu lake ndi ufulu wosuntha: mukhoza kuika kiyibodi pomwe thupi likufuna, kuisendeza mukafuna kulemba pa pepala, kuiika pamiyendo, kapena kukweza laputopu pa chinthu china kuti sikirini ifanane ndi maso pomwe manja ali pansi. Chomalizachi n'chachikulu, chifukwa laputopu inamangirira sikirini ndi mabatani pamodzi, ndiye mukakomera khosi mumalakwira manja, mukakomera manja mumalakwira khosi.

Njira zolumikizira ndi ziwiri, ndipo zonse zimayenda pa mafunde a 2.4 GHz, omwewo amene Wi-Fi yambiri imagwiritsa ntchito. Ina ndi Bluetooth, yomwe sifuna kanthu kobaya pa kompyuta ndipo imagwira pa foni ndi pa tabuleti. Makiyibodi ambiri a Bluetooth amakumbukira zipangizo zitatu, n'kumasintha ndi batani limodzi. Ina ndi ya kadongle kakang'ono kobaya pa USB. Iyi nthawi zambiri imayankha msanga ndipo siidukaduka, komanso kompyuta imaiona ngati kiyibodi ya waya kuyambira pomwe mwangoyatsa. Mfundo imeneyi musaipeputse. Bluetooth kawirikawiri imadikira kuti Windows kapena pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta idzuke kaye, choncho tsiku limene mudzafune kulowa mu BIOS, kapulogalamu kamene kamayamba kugwira ntchito Windows isanadzuke, kapena kukonza kompyuta yokana kuyaka, kiyibodi yanu idzangokhala chete. Ine ndimakonda yokhala ndi njira zonse ziwiri, ndipo ikakhala kuti imathanso kugwira ntchito pa waya wa USB, ndiye bwino kwambiri. Koma funsani bwino, chifukwa pa makiyibodi ena wayawo ndi wotchajira basi, sunyamula zilembo. Funsaninso ngati kadongle kakatayika mungathe kugula kena n'kukalumikiza. Pali makiyibodi amene anamangiriridwa ku kadongle kamodzi kokha, kakasowa ndiye kuti kiyibodi yonse yatha ntchito. Kanthu kochepa ngati chikhadabo.

Kiyibodi yopanda waya ikayamba kudumpha zilembo kapena kubwereza chilembo chimodzi kambirimbiri, ambiri amathamangira kusintha mabatire. Yambani mwaona pomwe mwabaya kadongle. Mu 2012 kampani ya Intel inafotokoza kuti zipangizo ndi mawaya a USB 3.0 zimatulutsa phokoso la mafunde lomwe limasokoneza 2.4 GHz. Ndiye kadongle kakakhala moyandikana ndi chosungira mafayilo chobayidwa pa USB 3.0, kamakhala ngati munthu womvetsera kunong'ona pafupi ndi chigayo. Kasamutsireni pa bowo la USB 2.0, kapena gulani kawaya kowonjezera kuti kadongle kabwere pa tebulo pafupi ndi kiyibodi. Kuseri kwa bokosi la chitsulo la kompyuta, pansi pa desiki, ndi malo oipa kwambiri amene mungakaike. Makampani amalemba kuti kiyibodi imagwira mpaka mamita 10, koma amenewo ndi mamita a m'chipinda chopanda chotchinga.

Palinso nkhani ya chitetezo imene ogulitsa saitchula. Chilichonse chimene mukutaipa, pasiwedi ya kubanki yomwe, chikudutsa mumlengalenga. Mu 2016 akatswiri a kampani ya Bastille anaonetsa kuti makiyibodi ena otchipa a kadongle ankatumiza zilembo osazibisa n'komwe, moti munthu wokhala ndi kawailesi koyenera akanatha kuwerenga zonse ali patali mamita makumi angapo. Njira imeneyi anaitcha KeySniffer. Chaka chomwecho anaonetsanso ina, MouseJack, yomwe munthu ankatha kunamiza kadongle n'kutaipa pa kompyuta ya mnzake ali kunja. Choncho fufuzani ngati pa katoni kapena m'kabuku kake alemba kuti imabisa mauthenga, kawirikawiri amalemba AES-128. Kiyibodi yopanda dzina lodziwika, yosanena kanthu za zimenezi, ine sindingataipirepo pasiwedi.

Mabatire ndi nkhani ya kusankha vuto limene mungalipirire. Ya mabatire a AAA imakhalitsa modabwitsa. Logitech imati awiri okha amayendetsa K860 mpaka zaka ziwiri, ndipo akatha mumangosintha. Ya batire lomangidwira m'kati simugula mabatire, koma batirelo limafooka pakapita zaka ndipo nthawi zambiri kulisintha n'kovuta. Chimene chimadya moto kwambiri ndi magetsi a pansi pa mabatani. Kampani yomweyo imati MX Keys yake imatha masiku 10 magetsiwo akayaka, koma miyezi 5 akazima. Kuti isunge moto kiyibodi imagona mukaisiya kwa kanthawi, ndipo zina zimameza chilembo choyamba podzuka. N'kanthu kakang'ono, koma kamakwiyitsa mukakapeza pa pasiwedi m'mawa uliwonse. Pa zogawikiratu onetsetsaninso chinthu chimodzi: zina zimatchedwa zopanda waya pomwe pakati pa zidutswa ziwirizo pali waya ndithu, ndipo kutalika kwa wayayo ndiko kumalamula kuti mungazitalikitse bwanji. Zopandiratu waya zimakhala ndi mabatire awiri, ndipo chidutswa chimene chimalankhula ndi kompyuta chimatha moto msanga kuposa chinzake.

Mukaibweretsa kunyumba, yembekezerani kuchita manyazi sabata yoyamba. Kiyibodi yogawika imaulula zizolowezi zimene simunkadziwa kuti muli nazo. Ine ndinazindikira kuti kwa zaka zonsezi B ndinkamumenya ndi dzanja lamanja, pomwe malo ake ndi kumanzere. Chala chinkangogwera pampata wopanda kanthu, bwino n'kumatuluka wino, bambo n'kumatuluka amo. Ena vuto lawo ndi Y, amene amamuba ndi dzanja lamanzere, ndipo Chichewa chili ndi Y wambiri. Nambala 6 ndiye ngakhale opanga makiyibodi sagwirizana kuti ndi ya mbali iti, ena amaiika kumanzere ena kumanja. Musaiweruze tsiku loyamba, ndipo musaiyambe sabata imene muli ndi ntchito yothamangitsa. Ngati mumataipa ndi zala ziwiri mukuyang'ana mabatani, kiyibodi yogawika ikusokonezani kwambiri, maso azingodumpha uku ndi uku. Phunzirani kaye kutaipa ndi zala zonse. Za kusintha kasanjidwe ka zilembo kupita ku Dvorak ya mu 1936 kapena Colemak ya mu 2006, zisiyeni kaye. Zonsezo anazikonzera Chingerezi, ndipo kusintha zinthu ziwiri nthawi imodzi kungokulepheretsani kudziwa chimene chathandiza.

Onaninso Enter musanalipire. Pali kasanjidwe ka ANSI, ka Enter wopyapyala wogona, ndi ka ISO, ka Enter wamtali wa mizere iwiri ndi Shift wamfupi kumanzere. Tengani kamene zala zanu zinazolowera. Ngati muli pa Mac, onani kuti pali mabatani a Command ndi Option. Ndipo koposa zonse, gulani komwe angakulolereni kubweza, chifukwa kuyesa kwa mphindi ziwiri mutaimirira sikungakuuzeni mmene dzanja lidzamvere pa ola lachisanu ndi chimodzi.

Kiyibodi yabwino pa tebulo lalitali kwambiri ndi ndalama zotayika. Zigongono zikhale pambali pa thupi, zopindika pafupifupi madigiri 90 kapena kutambasuka pang'ono, mabatani akhale pamlingo wa zigongonozo kapena m'munsi pang'ono. Tebulo likatalika kwezani mpando, mapazi akalendewera ikani chopondapo. Pakati pa kiyibodi, kutanthauza pakati pa G ndi H, payang'anizane ndi mchombo wanu, osati pakati pa thabwa lonse pamodzi ndi manambala. Ndipo dzanzi likamakudzutsani usiku mobwerezabwereza, zinthu zikamakupulumukani m'manja, kapena mnofu wa pansi pa chala chachikulu ukayamba kuphwa, kaonaneni ndi dokotala. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo mtsempha wopanikizika nthawi yaitali suchira msanga. Vuto la carpal tunnel limabweranso ndi matenda a shuga, a chithokomiro, nyamakazi ngakhale pathupi, zinthu zimene kiyibodi singazikhudze.

Ine dokotala anandipatsa chomangira dzanja chogona nacho kuti lisamapindike kutulo. Kiyibodi yowala ija ndinapatsa mnzanga amene amafunadi manambala. Ndinatenga yogawika yopanda manambala, ndinaitsetsereketsa kuti iloze kutali nane, mpando ndinaukweza masentimita angapo, kadongle ndinakabweretsa pa tebulo ndi kawaya kowonjezera. Mausi tsopano imakhala pakati pa zidutswa ziwirizo. B ndimamuphonyabe ndikatopa, makamaka madzulo.